Akuti kuyeza masensa ndi ntchito ya wothandizira

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Mchinji omwe angomaliza digiri ya fizikisi. Apeza malo a masters kunja, ndipo ntchito yomwe awakonzera ndi yoyeza masensa a silikoni a chipangizo cholondola njira za tizidutswa tating'ono kuposa atomu, chomwe akatswiri amachitcha vertex detector. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi imeneyi ndi fizikisi yeniyeni, kapena angondipatsa ntchito ya wothandizira mu labu? Atsibweni akuti ndikangotaya zaka ziwiri ndikupukuta magalasi a azungu."

Achemwali, atsibweni anuwo sindikuwadziwa ndipo sindingawanyoze pagulu pano. Koma zimene anenazo zandiwawa, chifukwa si zawo zokha. Tonse tinaleredwa nazo, ndipo enafe tinazimva kuchokera kwa anthu ovala mikanjo ya digiri.

Kumene ndinaphunzira ine, wanzeru anali wodzaza bolodi ndi masamu. Wogwira waya ankaoneka ngati wolephera amene akudikira kukatsegula kashopu kokonza mawailesi. Oscilloscope, makina oonetsa pa sikirini momwe magetsi akusinthira, inalipo ndithu, koma inkagona m'kabati yokhoma, ndipo wosunga kiyi tsiku lililonse anali ku maliro kapena ku msonkhano. Malipoti a labu ankatsika kuchokera kwa a chaka chachinayi mpaka kwa a chaka choyamba, manambala omwewo, mwina kungosuntha kadontho kuti aphunzitsi asakayike. Anthu ankatuluka ndi magiredi owala asanayezepo kanthu kamene yankho lake silinalembedwe kale kumapeto kwa buku.

Nditapeza mwayi wokakhala miyezi ingapo mu labu ina ku Ulaya, amene anandilandira sanali pulofesa. Anali mayi wachikulire wopanda PhD, ntchito yawo kulumikiza timawaya toonda kwambiri pakati pa sensa ndi chip. Mapulofesa akamalowa m'chipinda chawo ankavala zoteteza fumbi, kutsitsa mawu, n'kupempha kaye asanakhudze kanthu. Mayiwo akati sensa iyi sindikuikhulupirira, nkhani inkathera pomwepo, ngakhale pepala la kampani yopanga litanena kuti ili bwino. Ine yanga inali kutsitsa singano pa sensa, kutseka bokosi kuti kuwala kusalowe, kukweza voliteji pang'onopang'ono, n'kulemba magetsi amene akudontha. Ikatha iyo ina, ikatha iyo ina, mpaka maso kuchita chidima. Zambiri zimene ndimaphunzitsa ana a Fomu 4 kuno ku Kasungu ndinazimvetsera pa tebulo limenelo.

Ndifotokoze kaye chinthucho, poti owerenga ena asochera kale.

Ku CERN, labu yaikulu ya fizikisi yomwe ili m'malire a Switzerland ndi France, kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, yotchedwa LHC. M'menemo magulu a ma proton, tizidutswa ta m'kati mwa atomu, amawombana ka 40 miliyoni pa sekondi, ndipo pa kuwombanako pamabadwa tizidutswa tosakhalitsa. Kachidutswa kokhala ndi b quark, mtundu wina wa tizidutswa tochepetsetsa totchedwa quark, kamangokhala pafupifupi picosecond imodzi ndi theka, picosecond kukhala sekondi yogawidwa ka 1 thiriliyoni. Pa kanthawi kameneko kamayenda mamilimita owerengeka n'kusweka. Ikoko palibe amakaona; chooneka ndi zimene katulutsa posweka. Tsono nzeru yake ndi ya anthu olondola ng'ombe zobedwa: ukapeza mapazi m'malo angapo, umatsata chobwerera mpaka udziwe pamene zinapatukira. Magawo a silikoni ozungulira powombanirapo ndiwo amasunga mapaziwo. Njira zingapo zikakumana pambali pang'ono, osati pamene ma proton anawombana, ndiye kuti kachidutswa kaja kanafera pamenepo. Kuti malo awiri otalikirana milimita imodzi kapena kucheperapo uwasiyanitse, phazi lililonse uyenera kulidziwa mosaphonya ndi ma micrometre opitirira 10 kapena 20, micrometre kukhala milimita yogawidwa ka 1,000.

Sensayo payokha ndi diode, yomwe ija ya mu silabasi ya MSCE, yolumikizidwa chobwerera. Kukhuthala kwake kawirikawiri ndi 0.3 mm. Kachidutswa kakaboola, kamamasula ma electron oposa 20,000, poti silikoni imangofuna 3.6 eV (kamuyezo kochepetsetsa ka mphamvu) kuti imasule imodzi, ndipo voliteji imawakokera ku timizere kapena timabokosi tojambulidwa pamwamba pake. Mu 1980 Josef Kemmer wa ku Germany anaonetsa kuti masensa otere angapangidwe ndi njira yomwe mafakitale amapangira ma chip. Pofika 1995, chipangizo cha mtundu umenewu chinathandiza gulu la CDF ku Fermilab, ku America, kupeza top quark.

Pojambula pulani yake ndi pamene pamakhala mkangano wosatha, ndipo ine gawo limeneli ndimalikonda. Wofufuza amafuna sensa ifike pafupi kwambiri ndi powombanira. VELO, vertex detector ya gulu la LHCb la ku CERN, imafika 5.1 mm kuchokera pamene ma proton akudutsa, ili ndi ma pixel, timabokosi tija, okwana 41 miliyoni, iliyonse ma micrometre 55 mbali zonse, ndiye kuti milimita imodzi mutaigawa ka 18. Ili pafupi moti anaipanga mbali ziwiri: ma proton akamalowetsedwa imatseguka n'kubwerera m'mbuyo, zinthu zikakhazikika imatsekanso. Koma ukayandikira, cheza chochokera pa kuwombanako chimawononga silikoni. Silikoni yowonongeka imadontha magetsi ambiri, magetsiwo amaitenthetsa, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 7 okha kudonthako kumawirikiza kawiri. Ukalekerera, sensa imadziphika yokha. Ndiye pamafunika kuiziziritsa ndi CO2 mpaka kupyola madigiri 20 pansi pa ziro. Apo wofufuza uja ayambanso kudandaula, chifukwa mapaipi ndi mawaya onsewo amakhotetsa njira za tizidutswa tomwe akufuna kuyeza. A gulu la ALICE, la ku CERN komweko, anasenga masensa awo ena mpaka 0.05 mm pothawa vuto lomweli, ndipo chipangizo chawo chili ndi ma pixel 12.5 biliyoni. Aliyense akapeza chake, mnzake wataya.

Nanga mkanganowu amaweruza ndani? Ndi uja wokhala pa tebulo ndi singano. Iye ndiye amadziwa voliteji imene sensa imayamba kugwira mokwanira ndi imene imagonja. Ndiye amaika strontium-90, yomwe imatulutsa cheza, pamwamba pake kuti aone ngati chizindikiro chikuposa phokoso la magetsi. Ndiye amatumiza masensa kuti akawombedwe dala ndi ma neutron kapena ma proton, kuti akalambe m'masiku ochepa ukalamba wa zaka khumi, n'kuwayezanso atabwera. Kenako amanyamula katundu kupita ku test beam, komwe sensa imayesedwa poiwombera tizidutswa tothamanga, kaya ku DESY mu mzinda wa Hamburg kaya ku SPS ya ku CERN, kuika sensa yake pakati pa masensa ena odziwika kale, n'kuyerekeza pamene kachidutswa kadutsadi ndi pamene yake yanena. Nthawi ya kumeneko imapemphedwa miyezi isanafike ndipo imaperekedwa yochepa, choncho anthu amachezera usiku mosinthana. Chipangizo chikalowa pansi pa nthaka n'kutsekeredwa, sungakachitsegule Loweruka kuti ukonze waya umodzi.

Mu January 2023, mpweya utasiyana mphamvu mbali ziwiri za kachitsulo kopyapyala kolekanitsa VELO ndi njira ya ma proton, kachitsuloko kanapindika. Masensa anapulumuka, koma chaka chimenecho VELO sinathe kutsekeka mokwanira mpaka kachitsuloko atakasintha. Palibe masamu a pabolodi amene analakwika. Chaka cha gulu lonse la akatswiri chinatsamira pa kachitsulo, mapampu ndi mavavu. Munthu akandiuza kuti zimenezi si fizikisi, ndimangodziwa kuti sanayezepo kanthu.

Ndipo apa ndinene mosapsatira: matenda athu kuno si kusowa nzeru, ndi kunyoza kuyeza. Loweruka ndimathandiza anthu za sola, ndipo ndatopa kuona mabatire a ndalama zambiri atafa chaka chisanathe chifukwa woika sanakhudzitsepo mita, anangoona kuti babu layaka n'kulandira ndalama. Pampu ya mjigo wa sola ikaima, komiti imakhala pansi kukambirana za ufiti ndi za ndale, wopita kukayeza voliteji palibe. Pomwe anyamata okonza mafoni pa msika wa Kasungu, amene amachotsa chip ndi mpweya wotentha n'kuibwezeretsa pansi pa galasi lokulitsa, ali ndi manja amene labu iliyonse ingasilire, ife a madigiri timawadutsa ngati sitikuwaona. Akanangophunzitsidwa kulemba zimene apeza tsiku ndi tsiku, ambirife akanatisiya kutali.

Pakatchulidwa sayansi ndi Kasungu, wina amathamangira kutchula William Kamkwamba wa ku Wimbe ndi makina ake a mphepo. Ndimamulemekeza kwambiri. Chimene chimandinyansa n'chakuti timawomba m'manja nkhani yake pa tsiku lopereka mphoto, mawa lake n'kukalipira mwana amene wamasula tochi kuti aone za m'kati. Ndasochera, ndibwerere.

Za phindu lake kwa Malawi

Atsibweni akafunsa kuti tidyapo chiyani, mayankho alipo. Ma chip a Medipix ndi Timepix, obadwira ku CERN kuchokera ku ntchito ya ma pixel yomweyi, akugwiritsidwa ntchito pojambula X-ray ndi poyeza cheza pa International Space Station. Dziko lokhala ndi uranium ku Kayelekera ndi makina a X-ray m'zipatala likusowa anthu odziwa ngati chipangizo choyezera cheza chikunena zoona. Koma sindikonda kugulitsa nkhaniyi motere. Mwana akapita kukaphunzira malamulo palibe amamufunsa kuti mudzi udya chiyani. Funsoli amasungira a sayansi okha, makamaka akakhala mtsikana.

Sindikunamizani, ntchito yolembedwa kuti "woyeza masensa a silikoni" simudzaipeza m'nyuzipepala za kuno. Mukafuna kupitiriza ndi zimenezi, njira yapafupi ndi South Africa, komwe mayunivesite ndi labu ya iThemba LABS ali m'magulu a ku CERN a ATLAS ndi ALICE. Mukabwerera kumudzi mudzabwera ndi zamagetsi, kulemba mapulogalamu a kompyuta ndi kusanthula manambala, ndipo zimenezo sizigona ndi njala.

Tsono malowo alandireni, achemwali. Musanasaine, alembereni aphunzitsi amene adzakuyang'anireni ndi kuwafunsa ngati mudzapite nawo ku test beam, ngati manambala amene mudzayeze mudzawasanthule nokha mpaka kulowa mu thesis yanu, ndiponso ngati ndalama yomwe akupatsani ikukwanira nyumba ndi inshuwalansi ya chipatala. Akayankha kuti inu muzidzangoyeza ndipo osanthula ndi ena, pamenepo atsibweni alondola, pemphani pulojekiti ina. Podikira visa, phunzirani Python ndi ROOT zosanthulira manambala pa kompyuta, ikani Allpix Squared, pulogalamu yoyerekezera momwe sensa imagwirira ntchito, pa laputopu poti ndi yaulere, ndipo gulani mita ndi ma diode angapo muyambe kujambula nokha graph ya voliteji ndi magetsi odutsa. Muyang'anenso African School of Physics, yomwe inayamba mu 2010 ku Stellenbosch ndipo imasinthasintha maiko; ikatsegula mafomu, lembani.