Router yanu ili bwino, imagawa ma flow osati mapaketi

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji ma link anu awiri a 1 Gbps, a cost yofanana mu OSPF (protocol yomwe ma router amasankhira njira poyerekeza nambala yotchedwa cost), sakukupatsani 2 Gbps mukamakopera fayilo imodzi yaikulu, link imodzi n'kudzaza inayo ili phee. Musataye nthawi kusaka chomwe chawonongeka. Router ikuchita zomwe inapangidwira.

Zimenezi amazitcha ECMP (Equal-Cost Multi-Path). Router ikapeza njira ziwiri kapena zingapo za cost imodzi, zonse imaziika mu routing table. Koma paketi ikafika sikuti imangoti iyi kumanzere, yotsatirayo kumanja, ayi. Imatenga adiresi ya IP ya wotumiza, ya wolandira, protocol ndi ma port awiri, n'kuzilowetsa m'masamu otchedwa hash. Nambala yotulukayo ndi imene imasankha njira, ndipo mapaketi onse omwe zinthu zisanuzi n'zofanana ndiwo amatchedwa flow imodzi. Fayilo yanuyo ikuyenda pa TCP imodzi, zinthu zisanuzi sizikusintha, ndiye paketi iliyonse ikupeza yankho lomwelo, link yomweyo, mpaka fayilo ithe.

Mwina mukuti, nanga osangosinthanasinthana bwanji? Kugawa koteroko kulipo, ndi per-packet, koma ine sindingakulangizeni. Njira ziwiri sizichedwa mofanana ndendende, choncho mapaketi amafika atasokonekera, yachisanu patsogolo pa yachitatu. Wolandira amayamba kubwereza ACK (uthenga wotsimikizira zomwe walandira), ndipo wotumiza akaona ma ACK obwereza atatu amayesa kuti paketi yatayika. Amaitumizanso, n'kutsitsa liwiro. Mwaika ma link awiri, koma zinthu zikuyenda pang'onopang'ono kuposa kale.

Vuto lenileni la hash ndi lakuti siiona kulemera kwa katundu. Kwa iyo, munthu wotsegula tsamba limodzi la pa intaneti ndi backup ya usiku wonse n'chimodzimodzi, aliyense ndi flow imodzi. Ma flow awiri akuluakulu akagwera link imodzi amapanikizana pomwepo inayo ikungokhala. Ogwiritsa ntchito akachuluka, mazanamazana, zimadzilinganiza zokha, ngakhale kuti theka ndi theka lenileni simudzalionapo. Ndipo ngati zonse mwazikulunga mu tunnel ya GRE kapena IPsec (paketi iliyonse kuiika mkati mwa paketi ina), ma router apakati amangoona maadiresi awiri akunja, katundu yense n'kukhala flow imodzi. N'chifukwa chake VXLAN, mtundu wina wa tunnel, imasintha source port ya UDP malinga ndi flow yomwe ili mkati, kuti hash ipeze chosiyanitsira.

Kuti mutsimikize, yesani pulogalamu yoyezera liwiro ya iperf3 ndi -P 8 (ma flow 8 nthawi imodzi), muone ngati ma link onse awiri ayamba kugwira ntchito. Akapanda kutero, onani zomwe hash yanu ikuwerenga. Si router iliyonse imene imaona ma port mukangoiyatsa. Linux, mwachitsanzo, imayamba ndi maadiresi okha, mpaka muike net.ipv4.fib_multipath_hash_policy pa 1.

China choti musamale nacho, poti mwatchula OSPF: pa Cisco IOS reference bandwidth (nambala yomwe router imaigawa ndi liwiro la link kuti ipeze cost) imayambira pa 100 Mbps, moti link ya 1 Gbps ndi ya 10 Gbps zonse zimapatsidwa cost 1. Tsiku lomwe mudzakweze link imodzi, router idzapitiriza kugawa ngati kuti ndi ofanana, yaing'onoyo n'kudzaza. Sinthani auto-cost reference-bandwidth pa ma router onse lisanafike tsikulo, ndipo nambala ikhale imodzi paliponse.