Chotupa chaoneka kale pachithunzi, nanga kuboola chigaza n'kwa chiyani?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Mayi ake anawajambula mutu ndi makina a MRI, ndipo kwapezeka chotupa muubongo. Akufunsa kuti: "Poti chithunzi chaonetsa kale, bwanji madokotala akufunabe kudulako kachidutswa? Suja akuti makompyuta amasiku ano amadziwa kuwerenga zithunzizi?"

Pepani kwambiri ndi matenda a mayiwo. Chithunzi cha MRI chimaonetsa pomwe chotupa chili, kukula kwake, ndiponso mmene chikukankhira ubongo. Koma mtundu wake weniweni sichinena motsimikiza.

Taganizirani izi. Pojambula, nthawi zambiri amabaya mumtsempha mankhwala okhala ndi gadolinium. Mitsempha ya magazi ya ubongo wabwinobwino siilola mankhwalawa kudutsa, koma pomwe matenda aononga mitsemphayo amadontha, ndiye pachithunzi pamawala. Dokotala akaona mkombero wowala wozungulira malo akuda pakati, ungakhale glioblastoma (khansa yoopsa yoyambira muubongo momwemo), ungakhale khansa yomwe yachokera m'mapapo kapena m'bere, mwinanso chithupsa cha mafinya chabe. Maonekedwe amafanana ndithu, koma chithandizo chake n'chosiyana kutalitali. Chithupsa chimafuna kuchotsa mafinya ndi mankhwala opha tizilombo, osati a khansa.

Ndiye pali nkhani ya majini, tizinthu ta m'maselo tosunga malangizo a chibadwa. Kuyambira mu 2016, makamakanso mu 2021, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limagawa zotupa za muubongo poyang'ananso majini a chotupacho. Mwachitsanzo, glioma (mtundu wina wa chotupa cha muubongo) yomwe jini yake yotchedwa IDH inasintha kawirikawiri imakula pang'onopang'ono kusiyana ndi yomwe jiniyo sinasinthe. Kuti zimenezi zidziwike bwinobwino, pamafunika kachidutswa kaja m'labotale.

Za makompyuta simunamve bodza. Kuyambira mu 2012 kumachitika mpikisano wotchedwa BraTS, pomwe akatswiri amaphunzitsa makompyuta kulemba malire a chotupa pazithunzi za MRI. Ntchito imeneyi makompyuta akuigwira bwino, ndipo aliyense amene anaonapo dokotala akuzunguliza chotupa pamanja, chithunzi chimodzichimodzi mpaka maso kuwawa, angayamikire. Ofufuza ena akuyesa kulosera za IDH kuchokera pachithunzi pokha. Koma kompyuta yophunzira pa zithunzi za chipatala chimodzi imatha kusokonezeka ikapatsidwa zochokera ku makina ena. Ineyo sindingalole kuti mankhwala a mayi anga asankhidwe mwa kulosera koteroko.

Ndikuchenjezeninso pasadakhale. M'miyezi itatu yoyambirira munthu atawotchedwa ndi radiation (cheza chopha maselo a khansa), chithunzi chimatha kuonetsa ngati chotupa chakula pomwe ndi kutupa kobwera ndi chithandizocho. Zikadzachitika, musathamangire kutaya mtima. Funsani dokotala ngati akufuna kujambulanso pakapita masabata angapo, kapena kugwiritsa ntchito MRI yoyeza kayendedwe ka magazi m'chotupamo.