Kwa mayi amene afunsa za gemu ya kasino ya pafoni ya mwana wawo

Mayi, ndawerenga funso lanu lija loti mnyamata wanu wa zaka 16 akumakhalira gemu ya makina a kasino pa Facebook mpaka usiku, ndiye mukamufunsa akuti ndi zaulere, makoini ake si ndalama zenizeni, nde inu mukufuna kudziwa ngati pali chodetsa nkhawa. Ena mmakomenti akuti musiyeni ndi gemu chabe. Ine ndikuti ayi, nkhawa yanuyo ndi yoona, ndipo mwachita bwino kufunsa panopa asanafike patali.

Mwanayo sakunama, makoini amenewo sungawatape kukagulira ngakhale bandulo. Koma funsani kuti amene anapanga gemuyo amadya chani. Magemu ngati Slotomania, Zynga Poker, DoubleDown Casino ndi ma bizinesi akuluakulu, Zynga Poker inayamba kale pa Facebook mu 2007 ndipo mpaka lero ilipo, sizingakhale choncho ngati palibe amene akulipira. Mmene zimayendera ndi izi, tsiku loyamba amakupatsa makoini ambirimbiri, umawina pafupipafupi, nyimbo kulira, magetsi kuthwanima, ndiye makoini aja akatha amakuuza kuti dikira maola angapo kapena gula pompano pamtengo wotsika. Ndalama imalowa yeniyeni koma yotuluka palibe, olo uwine mabiliyoni a makoini. Pa juga wamba bola pali mwayi woti china chake chibwerere, apa ndiye palibiretu.

Ku America anthu anafika nazo kukhoti. Mu 2018 khoti la apilo linagamula kuti makoini a gemu ya Big Fish Casino ndi chinthu cha mtengo malinga ndi malamulo a chigawo cha Washington, kutanthauza kuti gemuyo ndi juga basi, ndipo mu 2020 eni ake anavomera kulipira madola 155 miliyoni kuti mlandu uthe. A DoubleDown nawonso pambuyo pake anavomera madola 415 miliyoni. Anthu amene anasumawo anali akuluakulu amene anataya ndalama zawo pogula makoini osatapika, nde tangoganizani mwana wa fomu 3.

Koma kwathu kuno chimene ndikuopa kwambiri si kugula makoiniko, chifukwa nthawi zambiri zimafuna khadi yolipirira pa intaneti ndipo ana ambiri alibe. Ndikuopa chimene gemuyo ikumuphunzitsa. Akuzolowera kudina, kudikira, mtima kugunda, kuluza nkunena kuti ulendo uno wokha ndibweza, akuzoloweranso kuona zithunzi ziwiri zafanana chachitatu chaphonya pang'ono nkumamva ngati anatsala pang'ono kuwina, pomwe kuphonya pang'ono ndi kuphonya kwambiri ndi kuluza kumodzimodzi. Chinanso, gemu yaulere ikhoza kumuwinitsa mowolowa manja chifukwa kampani siluza kanthu pokupatsa makoini, ndiye mwana amayamba kukhulupirira kuti iyeyo ndi wamwayi kapena wadziwa kaseweredwe kake. Tsiku lina amadzifunsa kuti bwanji ndikuwina mamiliyoni abodza pomwe ndingawine zenizeni, ndipo pafoni yomweyo pali Airtel Money kapena Mpamba, pali kandege, gemu yobetcha ndalama zenizeni. Mtunda wake ndi waufupi kwambiri mayi.

Za kandege ndifotokoze bwinobwino poti ndi kamene kakumaliza anyamata mmakwalalamu, akabaza, ophunzira a ku koleji ngakhale azibambo apantchito. Dzina lake ndi Aviator, inapangidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019, ndipo eni ake amanena okha kuti imabweza 97 pa 100 iliyonse. Kumva choncho zimaoneka ngati zochepa eti, K3 yokha pa K100. Koma raundi imodzi imatha mmasekondi, ndipo munthu sabetcha kamodzi, amabetchanso zomwe wawina zija mobwerezabwereza. Tiyerekeze walowa ndi K5,000 akuponya K500 raundi iliyonse, akafika maraundi 100 ndiye kuti waponya K50,000 yonse pamodzi, ndipo mwa avereji K1,500 yapita kale kwa eni gemu. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ndipo ambiri safika nkomwe pamenepo, ndege ikathawa katatu motsatizana amakweza kubetcha kuti abweze, ndiye K5,000 ija kutha nthawi yomweyo. Palibe luso lililonse limene lingasinthe masamu amenewa.

Apa mpamene pamalowera akuba a pa WhatsApp ndi Telegram. Mwana wanu ngati wayamba kulowa mmagulu a magemuwa, posachedwa wina amutumizira uthenga woti ali ndi predictor yodziwa pomwe ndege ithawire, kapena ma fixed odds a mpira, tumiza K10,000 tikuike mu gulu la VIP. Amaonetsa ma screenshot a mamiliyoni, koma screenshot aliyense atha kuipanga. Funso lake ndi limodzi, munthu wodziwa pomwe ndege ithawire angavutikirenji kupempha K10,000 yako? Ma app enawo ukawaika pafoni amapempha chilolezo chowerenga ma SMS, ndipo ma code a ndalama amabwera mmomwemo. Chonde muuzeni izi asanakumane nazo.

Pa malamulo, kuno ku Malawi wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha, ndipo bungwe loyang'anira ndi MAGLA, Malawi Gaming and Lotteries Authority. Koma foni siona nkhope. Mwana amangodina kuti ndili ndi zaka 18, kapena kulembetsa ndi nambala ya mayi ake, ya achimwene ake, ya mnzake wamkulu. Magemu aulere aja ndiye alibe nkomwe mlonda pakhomo. Ndiye musadalire kuti wina wake akukutetezerani mwana.

Tsono chochita. Ine sindingakulangizeni kumumenya kapena kumulanda foni mokalipa, akangobwereka ya mnzake ndipo kuyambira pamenepo azikubisirani chilichonse. Khalani naye pansi tsiku limene simunakwiye, mumuuze akuonetseni gemuyo, muone limodzi pamene ikunena kuti gula makoini, mumufunse kuti iyeyo akuganiza kuti eni ake amapeza bwanji ndalama. Ana a msinkhu umenewu sakonda kupusitsidwa, akazindikira yekha kuti pali munthu amene wamutchera msampha amanyansidwa nazo kuposa mmene mungamukalipire. Mufunseninso mosamuopseza ngati anayamba waponyapo ndalama yeniyeni, ndipo akavomera musalumphe, kuvomerako ndi chinthu chachikulu.

Kenako tsekani njira ya ndalama. Sinthani PIN yanu ya Airtel Money ndi Mpamba lero lomwe, musamamutume kukatapa kwa ejenti ndi foni yanu, onani mauthenga a ndalama zotuluka ngati pali tindalama ta K200, K500 topita kumalo amene simukuwadziwa. Usiku foni izigona kuchipinda kwanu, ndipo zimenezi mugwirizane ndi bambo ake kapena amalume ake kuti mawu akhale amodzi. Gemuyo aichotse yekha inu muli pompo, ndipo nthawi imene amathera pamenepo ipezereni china, mpira wa kudambwe, kwaya, ngakhale gemu ina yopanda zobetcha, chifukwa kungochotsa osaikapo kanthu amabwererako.

Zizindikiro zoti zafika poipa ndi monga ndalama ya transport kapena ya part time kumasowa, kugulitsa zinthu zake, ngongole kwa anzake, kukwiya kwambiri bandulo ikatha, kugona mkalasi, kunama pa tinthu tating'ono. Zikafika apo si nkhani ya mwano chabe ayi, bungwe la WHO limaika vuto la juga mgulu la matenda ofanana ndi kukodwa ndi mowa, ndipo thandizo lilipo, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu okodwa ndi zizolowezi zotere, kapena yambirani pa chipatala cha boma chapafupi mufunse wa za maganizo. Ndipo ngati tsiku lina mwana ataluza ndalama yambiri nkumalankhula zoti moyo watopa nawo, musazitenge ngati nthabwala, musamusiye yekha, ndalama imapezeka ina.

Inu amene mukuti ndi gemu chabe, ndikupempheni muyang'ane kaye mafoni a ana anu madzulo ano. Mayi, mukakamba naye mudzatiuze mmene zayendera, ndipo ngati mukufuna ndikuthandizeni kuona ma setting oletsa kugula zinthu pa Play Store ndilembereni ku inbox.