Kwa bambo amene afunsa za kulemba wilo

Bambo, mwafunsa ngati n'koyenera kulemba wilo pamene chuma chanu ndi nyumba imodzi ndi galimoto basi, ndipo mwati muli ndi ana anayi, woyamba wa mayi wina, komanso kuti abale akukuuzani kuti kutero n'kudziitanira imfa. Ine ndikuti lembani, ndipo chifukwa chachikulu ndi mwana woyambayo.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lija la 1967, limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse posatengera kuti anabadwira m'banja kapena kunja, ndi ena amene ankamudalira. Limanenanso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Vuto ndi lakuti pasiwa sipakhala woweruza. Pamaliro a msuweni wanga, tisanasese n'komwe, amalume ena anali atakhoma kale loko pachitseko cha kuchipinda, makiyi a galimoto ali m'thumba la jekete lawo, pamene wamasiye anali pamphasa, nkhope itafunditsidwa chitenje. Mayiyo anapezadi chilungamo, koma ana anali atakhala kale pakhomo teremu yathunthu chifukwa chosowa fizi, ndipo zimenezi zimandiwawabe mpaka lero.

Kalembedwe kake si kovuta. Munthu wazaka 18 kapena kuposerapo, wamutu wabwinobwino, amalemba zofuna zake papepala n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, ndipo mbonizo zimasainanso iye akuona. Sankhani mboni zimene sizidzalandirapo kanthu. Tchulani mwana aliyense ndi dzina lake lonse, nyumba ndi nambala ya puloti, galimoto ndi nambala yake, ndipo musankhe munthu wokhulupirika woti adzayendetse zonse, komanso wodzalera ana ngati inu ndi mayi mutatsogola iwo akadali aang'ono. Musayesere kumana mkazi kapena mwana wina aliyense, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yowapatsa gawo ngati wilo yawasiya padzuwa. Ngati ndalama za loya zikuvuta, kafunseni uphungu ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu ovutika pa nkhani za malamulo, kapena ku ofesi ya DC.

Pali zinthu ziwiri zomwe ambiri amaiwala. Ndalama za penshoni zimatsata fomu imene munalembapo mayina a odzalandira, choncho pitani kuntchito mukaione, popeza ena analemba makolo awo ali mbeta ndipo sanasinthenso. Munda wa makolo kumudzi nawonso musaulembe ngati wanuwanu musanakambirane ndi eni mbumba ndi amfumu, makamaka kwa ife a chikamwini, kumene dothi limayenda ndi mbumba.

Wiloyo mukaisungitse kwa loya kapena kubanki, osati pansi pa matiresi, ndipo woyendetsa chumayo adziwe kumene ili pamodzi ndi mapepala a nyumba ndi bulu buku ya galimoto. Pakabadwa mwana wina kapena mukagula malo ena, ilembeninso.

Koma musanagwire cholembera, khalani pansi ndi mayi a kunyumba muwauze gawo limene mukufuna kusiyira mwana woyamba uja, alimve kuchokera pakamwa panu inu muli moyo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo ngati kungatheke.