Funsani za Masewero: Ana a Chawinga, dzuwa la ku Nchalo ndi bondo la wosewera

Makalata a mwezi uno achokera ku Chigwa cha Shire, ndipo tasankhapo anayi.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 14 ndipo amamwetsa zigoli kwambiri m'timu ya kusukulu. Kwabwera bambo wina amene akuti amupezera timu ku Ulaya ngati ana a Chawinga, koma ndiyambe ndapereka ndalama ya pasipoti, ya viza ndi yotsegulira fayilo. Kodi ndigulitse ng'ombe? Bambo wa ku Ngabu.

YANKHO: Bambo, ng'ombeyo ikhale m'khola. Gawo 19 la malamulo a FIFA osamutsira osewera limaletsa kutenga mwana wosakwana zaka 18 kupita naye ku timu ya dziko lina. Pali zifukwa zochepa zimene amaloleza, monga makolo akasamukira kudzikolo pa nkhani zosakhudzana ndi mpira, ndipo mwana amene makolo ake ali ku Ngabu konkuno palibe pamene akukwanira. Munthu amene akukulonjezani timu ya ku Ulaya lero, kaya malamulo sakuwadziwa kaya wangoona khola lanu. Timu ikamufunadi wosewera imalembera timu yake kalata, a FAM n'kudziwa, ndipo kawirikawiri ulendo imalipira ndi timu yoitanayo. Ejenti weniweni amakhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo yake amadya kontirakiti ikasainidwa. Mufunseni laisensiyo, mumuuze kuti mukufuna mukaitsimikize kaye ku FAM. Muona nokha mmene foni yake iyambire kusapezeka.

Ana a Chawinga amene akukutchuliraniwo sanachite kuuluka kuchoka pabwalo la sukulu. Tabitha anabadwa mu 1996 ku Rumphi, ndipo akadali wamng'ono anakasewera ku DD Sunshine ku Lilongwe. Ku Sweden anapita mu 2014, chaka chimene ankakwanitsa zaka 18, ndipo timu yake yoyamba, Krokom/Dvärsätts, inali ya ligi yaing'ono. Kuchoka apo anapita ku Kvarnsveden, kumene mu 2017 anamwetsa zigoli 26 n'kuposa aliyense mu ligi yaikulu ya dzikolo, chonsecho timu yakeyo inatsika chaka chomwecho. Kenaka China, kenaka Inter Milan kumene anatsogola ndi zigoli 23, kenaka Paris Saint-Germain, mpaka Lyon mu 2024. Kuchoka tsiku limene anatera ku Sweden kufika ku Lyon panadutsa zaka khumi. Mng'ono wake Temwa, wobadwa mu 1998, anayenda njira yomweyo ya Kvarnsveden ndi China asanakafike ku Kansas City Current, kumene mu 2024 anamwetsa zigoli 20 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya America. Onse awiri anayamba aoneka m'matimu a kuno kwathu.

Tsono zochita zanu ndi izi. Mwanayo akhale ndi chiphaso cha kubadwa cha ku NRB cholembedwa zaka zake zenizeni. Wina akadzakuuzani kuti mumuchotsere zaka ziwiri, kanani, chifukwa dzina ndi tsiku lobadwa zikasiyana pa chiphaso, pa pasipoti ndi pa mapepala a sukulu, nkhani imadzathera pomwepo ngakhale timu itamufuna. Chachiwiri, alembetsedwe ku timu imene ili mu ligi ya FAM, pakuti m'menemo ndi mmene makochi a matimu a dziko amayang'ana. Kulembetsaku kuli ndi phindu linanso. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengowo imagawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23, koma timu imene sinamulembetse siona kanthu.

Timu ya ku Blantyre ikadzamuitana, musafunse za ndalama poyamba. Funsani kumene azikagona, mayi amene azikamuyang'anira, ndi sukulu imene azikaphunzira, ndipo mukapaone ndi maso anu. Pepala lililonse losaina mukhalepo inu, ndipo dziwani kuti mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kusaina kontirakiti yopitirira zaka zitatu.

FUNSO: Ndili ndi zaka 19 ndipo ndimathamanga makilomita 10 pa mphindi 36. Anzanga akuti ndikungodzivuta, munthu wa kuchigwa sangafanane ndi a ku Kenya amene amakhala kumapiri. Ndi zoona? Mnyamata wa ku Nchalo.

YANKHO: Achimwene, anzanuwo akunena zoona pang'ono. Ku Iten ndi ku Kaptagat, kumene akatswiri ngati Eliud Kipchoge amakonzekera, ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, ndiye thupi limapanga magazi ambiri onyamula mpweya, ndipo munthu akatsika amathamanga mtunda wautali osatopa msanga. Nchalo sifika ngakhale mamita 100. Koma izi zimakhudza a mitunda italiitali okha. Usain Bolt, amene anathamanga mamita 100 pa masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ankakonzekera ku Kingston, mzinda wotentha wa m'mphepete mwa nyanja. Kuno kwathu Asimenye Simwaka, amene amamenyanso mpira wamiyendo, anafika mu ndime yomaliza ya mamita 400 pa masewero a Commonwealth ku Birmingham mu 2022. Pa mtunda wautali, Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, Italy, mu 2004. Choncho musanalimbikire makilomita 10, pezani mphunzitsi akuyeseni ndi wotchi pa mamita 400, 800 ndi 1,500. Ambiri amakakamira mtunda umene si wawo.

Mdani wanu wamkulu kuchigwa si kuchepa kwa mapiri ayi, ndi dzuwa ndi matenda. Mu Okotobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Zolimba zonse muzichita pakati pa 5 ndi 7 koloko m'mawa, madzulo zikhale zopepuka. Kamodzi pa sabata dziyezeni pa sikelo musananyamuke ndi pobwera. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi lita imodzi ya thukuta, ndipo mubwezere lita imodzi ndi theka pang'onopang'ono m'maola otsatirawo. Mukathamanga kupitirira ola, madzi okha sakwanira chifukwa mchere nawo wachoka. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, kapena masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere, osasefukira. Mkodzo ukamatuluka wochepa ndi wakuda ngati tiyi ndiye kuti madzi akuperewera. Mnzanu akayamba kudzandira kapena kuyankhula zosokonekera ali pa liwiro, musadikire. Mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, ndipo apite kuchipatala. Kutentha kwa mtundu umenewo kumapha.

Za matenda anthu amazinyozera. Malungo obwerezabwereza ndi likodzo, limene ambiri amalitenga posamba m'madambo ndi m'ngalande za mthirira, zimachepetsa magazi. Wothamanga wa magazi ochepa nthawi yake imangobwerera m'mbuyo ngakhale alimbikire chotani, mphunzitsi n'kumamunena ulesi. Kayezetseni magazi ndi mkodzo, likodzo lili ndi mankhwala ake ku chipatala. Mukadwala malungo malizani LA masiku onse atatu, mupumule, ndipo poyambiranso muyambe ndi kuyenda ndi kuthamanga pang'ono. Pa chakudya musadalire nsima yokha. Nsomba, nyemba, nandolo, mazira ndi masamba ngati bonongwe ndi chisoso zizipezeka.

Mapiri muli nawo pafupi. Chitunda cha Thabwa, pa msewu wokwera ku Blantyre mukaoloka mlatho wa Kamuzu, ndi bwalo lokwanira. Kamodzi pa sabata kwerani mwamphamvu kwa mphindi imodzi, tsikani choyenda, mubwereze kasanu ndi kamodzi, ndipo muziyang'anizana ndi galimoto zobwera chifukwa makhona a pamenepo ndi oopsa. Makilomita a pa sabata muziwonjezera pang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Amene amalumpha kuchoka 30 kufika 60 amathera kupweteka kwa msongolo. Mwayi wokakhala kumtunda monga ku Dedza kapena pa phiri la Zomba ukapezeka, pamafunika masabata atatu kapena anayi. Masiku atatu sasintha magazi.

FUNSO: Mng'ono wanga amasewera mpira wamanja. Anadumpha, potera bondo linalira kuti "thwa" n'kutupa tsiku lomwelo. Tsopano akuyenda, koma akati akhote bondolo limagwedera. Agogo akuti amuteme mphini. Kodi adzaseweranso? Mayi wa ku Bangula.

YANKHO: Mayi, zizindikiro zitatu zimene mwatchulazi, kulira, kutupa msanga ndi kugwedera pokhota, nthawi zambiri zimaloza ku mtsempha wa m'kati mwa bondo umene madokotala amautcha ACL. Ndi umene umagwira fupa la msongolo kuti lisaterereke kutsogolo. Wotsimikiza ndi dokotala, koma mpaka amuone asabwerere pabwalo, chifukwa bondo likamagwedera limang'amba kachichereche ka m'kati, ndipo kameneko kakaonongeka munthu amavutika ndi bondo akadali wamng'ono. Agogo muwayankhe mwaulemu kuti mphini sizifika pamene pali vutopo. Zimangoonjezera chilonda.

Vuto limeneli ndi lofala mu mpira wamanja chifukwa lamulo la mapazi limakakamiza wosewera kuima nthawi imodzi akatera, ndipo atsikana limawagwera kwambiri kuposa anyamata. Mwai Kumwenda, wa ku Mzimba, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015, anaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewera ku Melbourne Vixens. Anabwerera, ndipo mu 2020 timu yakeyo inatenga ligi ya Australia, iye n'kukhala wosewera wopambana pa masewero omaliza. Kubwerera kulipo, koma pambuyo pa opaleshoni pamafunika miyezi 9 mpaka 12 ya mafizo, ndipo amene amathamangira pabwalo miyezi isanakwane ndi amene amadukanso.

Pitani naye ku chipatala cha boma ku Nsanje mukapemphe kuonana ndi a za mafupa. Dziwani kuti X-ray imaonetsa fupa lokha, ndiye ikatuluka yabwino sikuti bondo lili bwino. Mufotokoze za kugwederako kuti amuyeze ndi manja, ndipo pakafunika amutumize ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Podikira, bondo likatupa aikepo madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mwendo ukhale pamwamba. Aziyesa kuliwongola kuti lifike pamapeto ndi kulimbitsa ntchafu atakhala pansi, pakuti nyama ya ntchafu imafota msanga. Kwa anzake otsala m'timu, mphunzitsi aziwaphunzitsa kutera ndi mapazi onse, mawondo atapinda, osagwera m'kati.

FUNSO: Pabawo takangana. Ine ndikuti Isaac Chilemba anatengapo lamba wa dziko lonse, anzanga akukana. Komanso Malawi ili ndi mendulo ya Olympic? Mkulu wa pa Nsanje boma.

YANKHO: Akuluakulu, nonse muli ndi mbali yanu. Chilemba, wobadwira ku Blantyre mu 1987 amene nkhonya zake anakazikulitsira ku Johannesburg, anatenga lamba wa IBO wa super middleweight mu 2010, ndipo ameneyo ndi wa dziko lonse. Koma mabungwe amene amalemekezedwa kwambiri pa nkhonya ndi anayi, WBA, WBC, IBF ndi WBO, ndipo malamba awo sanawagwire. Anayesa mu 2016 ndi Sergey Kovalev ku Russia, komanso mu 2018 ndi Dmitry Bivol. Maulendo onse awiri anamaliza maraundi 12 n'kugonja pa mapointi, zomwe ndi anthu ochepa ankakwanitsa kwa Kovalev wa nthawi imeneyo.

Za Olympic, Malawi inayamba kupita mu 1972 ku Munich ndipo mendulo sinaitengepo. Amene alipo ndi a Commonwealth, atatu, onse a bronze ndipo onse a nkhonya: Tatu Chionga mu 1970, ndi Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986.