Linux ilipo kale, nanga akuvutikiranji?

Mnyamata wina amene akuphunzira za makompyuta anandilembera imelo sabata yatha. Funso lake ndi lakuti: popeza Windows ndi Linux zilipo kale, n'chifukwa chiyani mayunivesite a m'mayiko osiyanasiyana amatha zaka akupangira limodzi ma operating system (mapulogalamu oyendetsa kompyuta yonse) ena? Iye akuona ngati n'kungotaya ndalama.

Achimwene, mukamati kompyuta mukuganiza za laputopu yanuyo. Koma pali makina aakulu okhala ndi ma core (tizigawo ta purosesa timene timagwira ntchito yowerengera) ambirimbiri, ndiponso tizipangizo tating'ono ngati timene timakhala mu mita ya magetsi. Konseku Linux imakumana ndi mavuto.

Tiyambe ndi aakuluwo. Mu Linux, ma core onse amagawana kernel (mtima wa operating system) imodzi ndi memory imodzi. Core ina ikafuna kusintha kanthu, imatseka kaye malowo kuti zinzake zisagwirepo, zinzakezo n'kumadikira. Zili ngati pa mjigo m'mawa: anthu anayi amatunga bwinobwino, koma akafika 60, nthawi yambiri imathera pamzere. Akatswiri a ku ETH Zurich ku Switzerland, pamodzi ndi a Microsoft Research ku Cambridge, anaganiza zina. Mu 2009 anatulutsa operating system yotchedwa Barrelfish, momwe core iliyonse imayendetsa kakernel kakekake, n'kumasunga zakezake, ndipo ikafuna kuuza inzake kanthu imaitumizira uthenga. Kompyuta imodzi anaiona ngati netiweki ya makompyuta ang'onoang'ono, ndipo njirayi anaitcha multikernel. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti kampani yogulitsa Windows inalola anthu ake kukayikira poyera mmene ma operating system onse akale anamangidwira, kuphatikizapo wake womwe.

Kodi Barrelfish inalowa m'malo mwa Linux? Ayi, ndipo sichinali cholinga chake. Anaipanga kuti ayesere maganizo, basi. Ngati pamenepa ndi pomwe mukuona kutaya ndalama, sindikutsutsani kwambiri, ngakhale kuti ophunzira amene anakulira pa ntchitoyi anapita ndi nzeruzo kwina.

Kumbali ya tizipangizo tating'ono nkhani ndi ina. Operating system yotchedwa RIOT inayambitsidwa mu 2013 ndi mayunivesite a ku Germany a Freie Universität Berlin ndi HAW Hamburg, pamodzi ndi INRIA, bungwe la kafukufuku la ku France. Imayenda pa ma microcontroller (timakompyuta ting'onoting'ono toikidwa pa tima board) okhala ndi memory ya ma kilobyte ochepa, pomwe Linux singakwane n'komwe. Apa kugwirizana n'kokakamizika. Tima board timeneti tilipo ta mitundu yambiri, katswiri mmodzi sangagule tonse, ndipo code yoyenda bwino pa board ya ku Berlin ikhoza kukanika pa ya ku Paris. Ndiye wina amalemba, wina kutali amayesa pa chipangizo chake n'kunena pomwe zavuta.

Inuyo simukufunika kukhala ndi board kuti muyambe. Code ya RIOT ili pa webusaiti ya GitHub, ndipo ili ndi njira yotchedwa native yoyendetsera RIOT ngati pulogalamu wamba mkati mwa Linux. Yesani chitsanzo cha hello-world, mukakakamira penapake mundilemberenso.