Bolopeni yofiira inatsala pang'ono kundimaliza

Imelo yanu, aphunzitsi, ndaiwerenga katatu. Mwati anakukwezani kukhala wachiwiri kwa ahedi koma makalasi sanakuchepetsereni, mumachonga makope mpaka pakati pa usiku, ndipo mukufunsa ngati kuli bwino kungoutula udindowo. Ndinayamba ndatseka kaye kompyuta, chifukwa munthu mukumufotokozayo ndikumudziwa. Ndi ine ndemwe, zaka zingapo zapitazo.

Chaka chimene anandipatsa udindo ngati wanuwo, chikwama cha makope sichinkachoka paphewa. M'kope lililonse ndinkalembamo ndemanga ya mizere iwiri kapena itatu, kenako malikisi pamwamba, n'kuwazunguliza bwinobwino. Ndinkadzitama nazo mumtima. Usiku wina ndinadzidzimuka mutu uli pakope la mwana, tsamba litanyowa ndi dovu, inki yofiira itandidinda patsaya. Kutacha ndinasamba mothamanga osadziyang'ana pagalasi, ndipo piriyodi yonse yoyamba ndinaphunzitsa ndili ndi chidindocho. Palibe mwana anandiuza. Ankangogundana zigongono n'kumabisa nkhope m'manja.

Koma chimene chinandipweteka si manyaziwo. Tsiku lomwelo ndinabweza makope aja n'kuima pakona kuwayang'ana. Aliyense anatsegula, kuona nambala, kusuzumira kwa mnzake, "Iwe wapeza zingati?", phaa kutseka. Ndemanga zimene ndinatayira tulo sanaziwerenge ndi mmodzi yemwe.

Patapita nthawi ndinamva za kafukufuku wa katswiri wa zamaphunziro Ruth Butler wa mu 1988. Iye anagawa ana asukulu m'magulu: ena ankalandira malikisi okha, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Amene anapita patsogolo ndi olandira ndemanga zokha. Opatsidwa zonse ziwiri sanasiyane kwenikweni ndi a malikisi okha, chifukwa nambala ikangooneka, maso a mwana amathera pomwepo. Ndiye kuti ine ndinkagwira ntchito ziwiri, ina ikufafaniza inzake.

Apa ndilankhula mosapsatira, ena akwiye. Kuchonga kwambiri kumene timachita si kwa ana ayi. Timachongera munthu amene adzabwere kudzayendera makope, kuti akatsegula aone kufiira ndi deti, atsimikize kuti mphunzitsi sakugona. Ndipo woyenderayo kusukulu kwathu anali ndani? Ine. Lachisanu lililonse ndinkatolera makope asanu m'kalasi iliyonse n'kumawerenga masamba ofiira ngati wowerenga ndalama. Mayi wina, mphunzitsi waluso kuposa tonsefe, ndinamuitanira mu ofesi chifukwa makope ake anali oyera. Sanakangane nane. Anangoti, "Mubwere mudzakhale kumbuyo mawa." Ndinapita. Ankayenda mzere ndi mzere ana akulemba, kuwerama, kuloza ndi chala, kunong'oneza mawu awiri, mwana n'kufufuta pomwepo. Cholakwa chinkakonzedwa chisanazizire. Ndemanga zanga zinkabwerera kwa mwana patatha sabata, ataiwala kale funsolo. Mpaka lero mayi uja sindinamupepese mokwanira.

Ndisaiwale za misonkhano ya mu stafurumu, poti nayo imadya anthu. Maola awiri kumvetsera zinthu zimene zikanalembedwa papepala limodzi n'kumata pachitseko. Ndipo tsiku lina mumsonkhano wotero anatibweretsera munthu wodzatiphunzitsa kupuma mokoka mpweya kuti nkhawa zichepe, kenako tisanatuluke n'kutigawira mafomu ena atsopano oti tidzaze. Ndinaseka mokweza, anthu n'kunditembenukira.

Kutopa kotereku si ulesi, ndipo si kufooka kwa mtima. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linakulemba m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto a umoyo lotchedwa ICD-11, osati ngati matenda koma ngati vuto lochokera kuntchito, lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali kumene sikunasamalidwe. Linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kutalikirana ndi ntchito mumtima mpaka kuyamba kuinyoza, ndi kuchepa kwa zimene munthu akukwanitsa. Chachiwiricho ndi chimene chinandiopsa. Ana amene ndinkawadziwa mayina onse ndinayamba kuwatchula kuti "gulu lija". Mu imelo yanu mwalemba kuti "anawa akunditopetsa" kawiri konse. Ndaziona.

Tsono mutule kapena ayi?

Teremu ino musatule. Tengani taimutebulo yanu, mulembe pambali maola amene udindo ukukudyerani, mukakhale pansi ndi ahedi, mupemphe kuti mapiriyodi ena apite kwa ena. Mutchule nambala yake, musangoti "ndatopa". Makope muziwawerenga osalembamo, mutole zolakwa zitatu zimene zabwerezedwa kwambiri, mawa muzikonze pabolodi ndi kalasi yonse. Ndemanga zolemba muzisungire ntchito zikuluzikulu, ndipo malikisi muziwapereka ana atakonza kale. Popeza woyendera makope tsopano ndinu, uzani aphunzitsi anu kuti nawonso atero. Ngati tulo sitikubwera ngakhale mwagona msanga, kaonaneni ndi dokotala. Teremu ikatha ahedi osasuntha kanthu, tulani, ndipo musachite nazo manyazi.

Ine ndinakhalabe paudindowo zaka zina ziwiri, kenako ndinabwerera m'kalasi mwa kufuna kwanga. Mudzandilemberenso mukaonana ndi ahedi, mundiuze mapiriyodi angati akuchotserani.